Mmene Ndinafufutila Mau a Malemu Mtonga

Ndiyambe ndi kuvomela, kuti musavutike kufunsa: amene anayambitsa zonsezi ndine. Si laputopu, si magetsi, si Satana monga ananenela amai anga. Ndine, Fumbani, amene kusukulu amanditcha Wailesi. Ndipo musanayambe kundiweluza, dziwani kuti nthabwalayo payokha inali yabwino zedi. Inangogwela anthu olakwika.

Ntchitoyo ndinaipeza chifukwa cha mlandu wina. Ndili giledi leveni, tsiku lina ndinapeza ofesi ya ahedi ili yosakhoma, maiki ya pa asembule ili pa tebulo. Ndinaiyatsa, n'kulengeza ndi mau a ahedi eniake, ndi kakutsokomola kao komwe, kuti masana kulibe maphunzilo chifukwa aphunzitsi ali ndi msonkhano. Sukulu yonse inatuluka. Ngakhale aphunzitsi ena ananyamula zikwama. Ine anandiuza kuti ndikapumule kunyumba mpaka temu ina.

Amai amagulitsa tomato ndi nshawa pa msika wa pa boma, ku Lundazi konkuno. Kuseli kwa msikawo kuli kachipinda ka a Sakala, bambo wa ku Chipata amene amajambula maukwati, malilo ndi mafilimu a chikumbutso. Amai anandikokela kumeneko ngati mbuzi yopita kogulitsidwa.

"A Sakala, nditengeleni uyu. Akakhala panyumba andiotchela nyumba."

A Sakala anandiyang'ana kuyambila kumutu mpaka ku mapatapata. "Ndiwe uja unatulutsa sukulu?"

"Ndine, bwana."

"Tayesa mau anga."

Ndinayesa pomwepo, ndi kamluzu kamene kamatuluka pa dzino lao losweka. Sanaseke. Anangoti, "Khutu uli nalo. Pakamwa m'pamene pali matenda. Ubwele mawa, uzigwila maiki."

Anthu ambili sadziwa kuti filimu ya chikumbutso n'chiyani. Munthu akamwalila, pakapita chaka kapena kuposelapo, abale amamanga chiliza pamanda, n'kuitana anthu kudzachivundukula. Masiku ano mabanja ena amafuna kuti pa tsikulo paonetsedwe kafilimu ka malemuyo: zithunzi zake, munda wake, anthu akumukamba. Imeneyo ndiyo inali ntchito imene a Sakala anali kuikonda kuposa maukwati. Anali kunena kuti paukwati aliyense amanama, koma pa chikumbutso anthu amayesako kunena zoona.

Ine wanga unali katundu ndi mau. Ndinali kunyamula chamiyendo itatu choikapo kamela, chikwama cha mabatile, ndi katoni yokutidwa pepala lonyezimila youniikila nkhope ya munthu akakhala pamthunzi. Kamaiki kakang'ono ndinali kukapana pa kolala, waya n'kumudutsitsa mkati mwa malaya kuti asaoneke. Kwa azimai waya sindinali kumugwila ine. Ndinali kumupeleka kwa mwana wao wamkazi kuti awaveke. Kenako mahedifoni kumutu, kalekoda m'manja, maso pa timizele tosonyeza kukula kwa mau: tikafika pofiila, mau aphulika, tsitsa. Tisanayambe ndinali kuomba m'manja kamodzi patsogolo pa kamela, kuti pokonza filimu tidzalumikize mau a mu kalekoda ndi milomo ya pa chithunzi. Agogo ena anali kubwezela kuombako, kuyesa ndikuwapatsa moni.

Malamulo a a Sakala anali ochepa. Wofedwa usamufunse kuti anamva bwanji. Umufunse kuti malemu anali kukonda kukhala pati, anali kudya chiyani akadwala. Munthu akayamba kulila, kamela isazime, isayandikilenso, ndipo wa maiki asanene "pepani". Ndipo tikabwelela ku situdiyo, chilichonse chikhale pawili: pa laputopu ndi pa hadi dilaivu, kabokosi kosungila zinthu kamene kanali kukhala m'dilowa. "Chinthu chimene chili pamodzi pokha, Wailesi, ndiye kuti kulibe."

Ndinali kuvomela ndi mutu, mumtima ndikuphunzila mmene amatchulila "kulibe".

Ntchito ya kwa a Mtonga inabwela nthawi yozizila. A Yotamu Mtonga anali mlimi wa fodya wa ku Chikomeni. Anamwalila chaka chapitacho, lole imene anakwela pochokela kogulitsa fodya itagubuduzika pa mseu. Amene anabwela kudzatipatsa ntchito anali mng'ono wao, a Gidiyoni, munthu wamtali wa mau ngati ng'oma. Tinapita kumudzi pa njinga yamoto, ine kumbuyo, chamiyendo itatu chikundibaya m'nthiti.

Mkazi wa malemu, a NyaZimba, anatilandila pakhonde. "Monile, adada," anatelo kwa a Sakala, n'kutiyalila mphasa. Anali mai wochepa thupi, wosachulutsa mau. Anayankha mafunso onse bwinobwino osalila. Anatisonyeza chigafa cha fodya, khasu la malemu, mpando wao wa ndalema. Kamwana kao kotsiliza, Wongani, ka zaka ngati zisanu ndi chimodzi, kanali kunditsatila paliponse, kakufuna kuvala mahedifoni.

Titamaliza, a NyaZimba analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kansalu komanga mfundo. Mkati munali foni yakufa, galasi lake lakuda bii.

"Muli mau ao umu," anatelo. "Ananditumizila ali pa lole, tsiku lomwelo. Ndinali kumvela tsiku lililonse, mpaka foni inagwela mu ndowa. Yao inaphwanyikila pangozipo. Ngati mungawatulutse, muwaike mu filimumo. Ndikufuna uyu azidzawamva akakula."

Anati "uyu" akuloza Wongani, amene panthawiyo anali kuyesa kuluma waya wanga.

A Sakala anatsegula foniyo kumbuyo, n'kutulutsa memoli khadi, kanthu kochepa ngati chikhadabo. Ku situdiyo tinaika khadiyo mu laputopu, ndipo mau anapezeka. Anali a Chitumbuka, ndingokuikilani m'Chinyanja. Kumbuyo kukumveka injini ndi mphepo:

"NyaZimba, fodya wapita. Tanyamuka, tili pa lole. Mundisungile madzi otentha, kuno kwazizila. Nsapato za Wongani ndagula, koma ngati zakula. Adzakulilamo."

Kenako kutsokomola, kakuseka pang'ono, munthu wina akukuwa kumbuyo, basi.

Titamva, a Sakala anati, "Kopela pa hadi dilaivu. Khadi uibweze m'kansalu." Iwo anatuluka kukagula mafuta a njinga.

Hadi dilaivu ija ili ndi waya wovuta, wofuna kumugwedeza kuti agwile. Tsiku limenelo anakana. Ndinagwedeza, ndinauzila mpweya, ndinatukwana, osatheka. Ndinati ndichita mawa. A Sakala atabwela n'kufunsa, ndinayankha kuti, "Zatheka, bwana," chifukwa ndi yankho lalifupi. Patapita masiku, bodza langalo ndinali nditalikhulupilila ndekha.

Tsopano mundimvetse. Munthu wotengela mau a anthu akamva mau atsopano, zimakhala ngati kuyabwa. A Mtonga anali ndi mau okoma: otsika, osasa pang'ono, omaliza mau alionse ngati akufuna kuseka. Pokonza filimuyo ndinawamva kambilimbili m'mahedifoni. Ndinayamba kuwayesa popita kunyumba. Ndinapeza kuti chinsinsi chake n'kutsitsa chibwano ndi kutulutsila mpweya pang'ono m'mphuno. Pofika kumapeto kwa sabata ndinali kutha kuitanitsa madzi otentha mwakuti tsitsi langa lomwe linali kuima.

Ndiye maganizo anabwela. A Sakala amaopa mizimu. Amakana, koma tikajambula kumanda salola kuti kamela igone m'chipinda chao. Ndinati, bwanji malemu awayankhule pang'ono?

Tsiku lina masana iwo atapita kukajambula phwando la mkwatibwi, ndinatenga kalekoda. Makhadi onse anali atapita nao. Inatsala imodzi, ija ya m'kansalu. Ndinaiika. Kalekoda kanalemba kuti khadiyi sikakuidziwa, kaiyeletse kaye, n'kufufuta zonse zili m'menemo? Ndinaganiza kuti mau ali pa laputopu, alinso pa hadi dilaivu, vuto lili pati? Ndinadina kuvomela. Ndinajambula kambili, chifukwa ndine munthu wofuna ntchito yaukhondo. Ndinayatsa ngakhale fani pafupi ndi maiki kuti imveke ngati mphepo ya pa lole.

Nzelu yeniyeni inali apa, ndipo mpaka lelo ndimainyadila pang'ono. Pulogalamu yokonzela filimu imazindikila mau ndi dzina la failo. Ukaika failo ina ya dzina lomwelo pamalo omwewo, iyo siidziwa kuti zasintha, imangoimba yatsopanoyo. Ndiye ndinapatsa mau anga dzina la mau a malemu. Laputopu inandifunsa ngati ndikufunadi kuti atsopano alowe m'malo mwa akale. Inandifunsa bwinobwino, mwaulemu. Ndinavomela.

Pulani inali yakuti m'mawa a Sakala adzaonela filimu okha, monga amachitila asanaitane eni ake. Adzadumpha, ine ndidzagwa ndi phwete, adzandiponyela nsapato, kenako ndidzabwezeletsa mau enieni kuchokela pa hadi dilaivu.

M'mawa mwake ndinachedwa pang'ono, amai atandituma kukatenga mabokosi a tomato. Nditafika, ndinapeza pakhomo pa situdiyo pali nsapato zambili. A Gidiyoni anali atapeza galimoto yobwela ku boma, ndiye anangoti tiyeni tikaone kumene filimu yafika. Mkati munali iwo, a NyaZimba, ndi Wongani pa miyendo ya amai ake. Nsalu ya pa windo inali yotseka. Filimu inali itayamba kale.

Ndikanatha kuyankhula. Zimenezo ndaziganizila kambili. Ndikanatha kukoka waya wa sipika n'kunamizila magetsi. Koma ndinaima pakhomo, ndipo mbali ina ya mtima wanga, ndisaname, inali kufuna kumva ngati zigwile.

Pa sikilini panabwela chithunzi cha malemu, chimene tinatenga pa chitupa chao. Mphepo inayamba kuomba mu sipika. Kenako:

"A Sakala! A Sakala, ndine Mtonga. Chithunzi mwandiikachi n'chotani? Ndikuoneka ngati wakuba mbuzi. Kuno kumene ndili tikukuonani bwinobwino. Kabotolo kaja mumabisa kuseli kwa sipika, siyani, mudzabwela kuno msanga."

Ndi kutsokomola komwe, ndi kakuseka komwe.

A Sakala anaimilila mpando n'kugwa chagada. A Gidiyoni anagwila pamtima n'kunena kuti, "Yesu wane!" Zinagwila. Zinagwila kuposa mmene ndinali kuyembekezela, ndipo kuseka kunali kutafika kale pakhosi panga.

Koma Wongani anatsika pa miyendo ya amai ake. Anathamangila ku sipika, n'kuikumbatila ndi manja onse awili, n'kuika khutu pa nsalu yake yakutsogolo.

"Adada! Adada, muli mkati?"

Anazungulila kuseli kukayang'ana. Anapezako kabotolo ka a Sakala basi.

Kuseka kuja sindikudziwa kumene kunapita.

A NyaZimba sanasunthe. Anangoti, "Welezgani," kutanthauza kuti bwelezani. A Sakala anabweza pang'ono n'kuimbanso. Maiwo anamvetsela maso ali pansi. Atatha, anatembenuka pang'onopang'ono, n'kuyang'ana aliyense m'chipindamo, mpaka maso ao anafika pa ine pakhomo.

"Ndiwe?"

"Ndine, amama. Inali nthabwala ya a Sakala. Sinali yanu."

"Wayesetsa," anatelo. "Tsopano ika enieni."

Ndinathamangila ku dilowa, wokondwa kuti pali chochita. Ndinalumikiza hadi dilaivu, ndinagwedeza waya, ndipo tsiku limenelo, mwa masiku onse, anagwila msanga. Ndinatsegula chikwatu cha Mtonga. Munali zithunzi, munali zokamba za a Gidiyoni, munali chigafa cha fodya. Mau munalibe. Ndinatsegula chikwatu china, ndi china.

"Tenga khadi," anatelo a Sakala ndi mau otsika. "Ya m'kansalu."

Ndinayang'ana kalekoda pa tebulo. Iwo anayang'ana kumene ndinali kuyang'ana, ndipo ndinaona nkhope yao ikumvetsa. Sanandimenye. Ndikanakonda akanandimenya.

A Gidiyoni ndiwo anandigwila pa kolala mpaka zidendene zinasiya pansi. "Iwe kamwana ka njoka! Ukudziwa chimene wachita? Tiye ku polisi!" A Sakala anawagwila mkono, n'kupempha kuti atipatse masiku ochepa, pali mnyamata wokonza mafoni pa msika amene nthawi zina amabweza zinthu zofufutika. A NyaZimba anali atanyamuka kale, akumuveka Wongani chipewa. Mwanayo anali kukana kutuluka, akuti adada ake atsala m'bokosi.

Wokonza mafoni uja anayesa laputopu, osapezamo kanthu, chifukwa mau anga anakhala ndendende pamene panali enieni. Khadi anakhala nayo masiku angapo. Tsiku lokaitenga anatiuza monyada kuti wabwezako mau ena. Tinavala mahedifoni, khutu limodzi a Sakala, lina ine. Anali mau a Mtonga ndithu: "A Sakala, ndine Mto... ayi, ndiyambenso. A Sakala!" Zonse zimene zinabwela zinali ine ndikuyesezela. Ndinali nditajambula kambili mwakuti ndinapondaponda paliponse pamene panali malemu.

Kukanena kumudzi a Sakala anakana kupita okha. "Ukanene ndi pakamwa pako pomwepo. Si ndiwe katswili wa kuyankhula?"

Tinawapeza a NyaZimba pakhonde akusenda nshawa. A Gidiyoni anabwela atamva njinga. Wongani anali atamutumiza kwa azakhali ake, ndipo ndinathokoza mumtima. Ndinagwada pansi, osati pa mphasa, n'kufotokoza zonse: waya, bodza, khadi, dzina la failo. Pofotokoza za dzina la failo ndinazindikila kuti mau anga ayamba kumveka ngati ndikudzitama, ndiye ndinafupikitsa.

A NyaZimba anapitiliza kusenda. "Unawamvela kangati mau aja?"

"Kambili, amama."

"Ndiye ukuwadziwa onse."

"Inde."

"Nena."

Ndinatsitsa chibwano, n'kukoka mpweya. Maiwo anakweza dzanja.

"Yayi. Ndi mau ako."

Pa zinthu zonse zimene ndinachitapo, palibe chinandivuta ngati chimenecho. Ine ndikhoza kuyankhula ngati ahedi, ngati abusa, ngati kondakitala wa basi ya ku Chipata. Koma kunena ndi kamau kanga ka giledi leveni kuti "NyaZimba, fodya wapita," pamaso pa mwini dzinalo, lilime linalemela. Ndinanena za madzi otentha. Ndinanena za nsapato. Nditafika potsokomola ndinasowa chochita, kaya nditsokomole kaya ndisiye. Iwo anabweleza okha mau otsiliza aja, motsitsa: "Adzakulilamo."

Kenako anati, "Zimene ananena ndili nazo, sindingaziiwale. Chimene wanditayila ndi khosi lao. Ine ndimalimvabe m'mutu. Koma mwana uja adzaiwala."

Apa a Sakala anakonza pakhosi. Anayankhula mosamala, ngati munthu woponda pa mwala wotelela. Anati pali njila ina. Mnyamatayu, ngakhale ndi chitsilu, mau amawatha. Akhoza kujambula uthenga wonse monga unalili, ndi mphepo yomwe, n'kuuika mu filimu. Palibe angadziwe kupatula ife anai.

A Gidiyoni, amene masiku apitawo anali kufuna kundipeleka ku polisi, anakanda chibwano. "Mlamu, ine ndinakula naye mkulu wanga, koma tsiku lija ndinanamizika. Mwina n'kwabwino kuposa kusowelatu. Anthu abwela kuchokela kutali, ndawauza kale kuti adzamva mau ake."

Ndikuuzeni chinthu chimene sindinauzepo amai anga. Nditagwada pamenepo, ndi manyazi onse aja, mtima wanga unadumpha. Ndinaona kale chithunzi chake: tchalitchi chodzaza, azimai akulila, onse akulilila mau anga osadziwa. Ndinali nditayamba kuganiza zoti fani ndiiike patali pang'ono ulendo uno.

A NyaZimba anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati akuwelenga zimenezo pamphumi panga.

"Ndiye mwana wanga akule akumvela uyu, n'kumati ndi adada ake? Akadzakhala ndi ana ake azidzawaimbila wanthabwala wa pa msika, n'kumati agogo anu awa?" Anataya makoko a nshawa pansi. "Yayi. Pamalo pamenepo musaikepo kanthu. Chithunzi chikhale, mau asakhalepo. Kutalika kwake kukhale komwe kuja. Wofunsa ndidzamuyankha ndine."

A Gidiyoni anayesa kunena kanthu. Maiwo anangoti, "Alamu, ndamaliza."

Pokonza filimu sabata imeneyo sindinaloledwe kukhudza laputopu, ngakhale kuipukuta fumbi. Ndinali kukhala pa ndowa yovundikila pakona, ndikukulunga mawaya. Koma ndinaphunzilapo kanthu. A Sakala anati mu filimu simuikidwa chete wopanda kanthu, anthu amayesa sipika yafa n'kuyamba kuyankhula. Anatenga pamene kalekoda kanatsala kakuyenda pakhonde la a NyaZimba anthu atasiya kukamba: nkhuku patali, mphepo pa udzu wa chigafa, mbale ikugunda mkati mwa nyumba. Anaika zimenezo pansi pa chithunzi. Chithunzinso anasintha. Anachotsa cha pa chitupa, n'kuika china chimene malemu aima m'munda atanyamula Wongani paphewa. Sananene kuti ndinali kunena zoona za wakuba mbuzi uja, koma ine ndinaona.

Tsiku lovundukula chiliza, titachoka kumanda, anthu analowa m'tchalitchi cha pamudzipo kukaonela filimu. Mawindo tinatseka ndi mabulangete kuti pulojekita ioneke masana. Jeneleta tinaiika patali kuseli kwa mtengo wa mango. Nditatsitsa katundu yense ndinaona kuti chitsulo choimikapo sipika palibe.

"Bwana, taiwala choimikila."

"Sitinaiwale," anatelo a Sakala. "Choimikila ndiwe. Sipika ikhale pamwamba kuti akumbuyo amve. Ukasuntha, ukayetsemula, ukamwetulila, ubwelela ku boma wapansi."

Nkhani yanga inali itafika kale m'mudzimo. Panali azimai a Chibemba, aphunzitsi a pa sukulu yapafupi, ndipo mukudziwa kuti pa chimbuya Abemba ali ndi ufulu wotinyoza ife a kum'mawa pa malilo ndi pa chikumbutso, wokwiya ndiye wolakwa. Anandizungulila ndi mbale ya ufa. "Ndi uyu mzukwa uja? Uyu woonda ngati ndodo ya mfiti? Bwela tikuyeletse, uoneke ngati anzako a kumanda!" Anandipaka kumaso, m'tsitsi, m'makutu. Mmodzi anandipindila chitenje kukhala nkhata, n'kundiika pamutu, akuti, "Tisakuphwanye mutu, mulibe kale kanthu." Anthu anaseka kwambili, ndipo ine ndinawelama ngati woimba pa siteji, chifukwa kuseka ndi kuseka, ngakhale akuseka iwe.

Ndiye ndinaima kutsogolo, pambali pa nsalu yoyela yoonetselapo filimu, woyela ngati nsaluyo, sipika pamutu, manja m'mwamba. Filimu inayamba. Nyimbo ya kwaya inali kundinjenjemeletsa mano. A Gidiyoni akayankhula pa sikilini, mau ao anali kutsikila m'msana mwanga mpaka m'maondo. Zonsezo zinali zopilika.

Kenako chinabwela chithunzi cha m'munda chija, ndipo pamutu panga panangotsala nkhuku ndi mphepo.

Uthenga wa a Mtonga unali waufupi. Ndinali nditaumva kambili, ndipo sindinauonepo kutalika. Koma m'tchalitchi muja unakana kutha. Anthu anayang'ana chithunzi, kenako mmodzimmodzi anatembenukila ku sipika, kudikila, ndipo pansi pa sipika panali ine. Palibe anaseka. Palibe anatsokomola. M'mutu mwanga mau anali kuyenda okha pamalo pake: apa fodya, apa madzi otentha, apa nsapato. Ndinaluma lilime kuti milomo isagwedezeke. Pa benchi yakutsogolo a NyaZimba anali atamugwila Wongani paphewa, akumunong'oneza kanthu m'khutu, ndipo ndinadziwa kuti akumuuza chiyani, chifukwa milomo yao inali kuyendela limodzi ndi za m'mutu mwanga.

Filimu itatha, tikupakila katundu, kamwanako kanabwela n'kundikoka buluku.

"Amama akuti adada sali m'bokosi. Akuti unali iwe."

"Ndinali ine."

"Chitanso."

Ndinayang'ana uku ndi uku. Panalibe amene anali kutiona. Chibwano chinatsika chokha. Ndinachibweza.

"Sindingathe, mwana wakwithu. Ufa wandilowa pakhosi."

Anandiyang'ana ngati munthu wopanda ntchito, n'kuthamangila kumene kunali kugawidwa fanta wa m'mabotolo ndi mabanzi.

A Sakala amati phunzilo la nkhaniyi ndi kukopela chilichonse pawili, ndi kusanena kuti zatheka pamene sizinatheke. Ndimavomela, chifukwa limenelo n'losavuta kunena, ndipo waya uja ndinamusintha ndekha. Langa ndi lina pang'ono. Kutengela mau sindinasiye, musandiyese woyela mtima. Nditabwelela kusukulu, sabata yoyamba yomwe, a depyuti anadabwa kumva kuti iwo eni aitanitsa mapulifekiti onse ku khichini. Koma amenewo ndi amoyo, akhoza kundithamangitsa ndi ndodo n'kudziyankhila okha. A Mtonga ndikadali nao pakhosi pano, athunthu, ndi kutsokomola komwe, ndipo ndi okhawo amene sadzatulukanso.

Chilango chinathela pa sipika ija ndi kuletsedwa laputopu mpaka holide itatha. Khosi linauma pafupifupi sabata, ndikuyenda mutu uli chilili ngati msilikali, mwakuti atsikana a pa msika anayamba kunena kuti Wailesi wayamba matama chigwilile ntchito ya mafilimu. Ufa unali kutulukabe m'makutu Lamlungu lotsatila. Amai anati ndiusunge, ndi woyamba umene ndabweletsa panyumba chiyambile ntchito.